Kuopa pa Nthawi Yake

Tinayamba tili anayi, koma m'mawa umenewo pamwamba pa phiri tinaima atatu. Wachinayi anali m'munsi, atavala majekete awiri, foni ili m'manja kuti atijambule. Chulu chimene tinkachiyang'anacho ndi chomwe chinamudula mtsempha wa m'bondo chaka chapitacho, ndipo ngakhale ndodo anali atazitaya, dokotala anali asanamulole kudumpha chilichonse.

Kwa inu amene simunaponde chipale chofewa, tiyambe ndi kufotokoza. Tonse anayi tinabwera ku Michigan, m'dziko la America, kudzaphunzira. Awiri kwathu ndi ku Mulanje, wina ku Ntcheu, wina ku Mzimba. Kuno m'nyengo yozizira mphepo yochokera pa nyanja ya Michigan imakhuthula chipale choyera ngati ufa, mpaka galimoto kukwiririka. Chaka choyamba tinkangodzitsekera m'zipinda n'kumawerenga masiku. Chaka chachiwiri anzathu a konkuno anatikokera ku phiri, natimangirira ma ski kumapazi, timatabwa tiwiri tatitali ndi topyapyala totsetserekera pa chipale. A ku Mulanje tinaseka titaliona phirilo, poti ife tinakulira pansi pa Sapitwa wa mamita 3,002 pomwe ili silifika ngakhale mamita 150. Kusekako kunatha titagwa kakhumi tisanafike pansi. Komabe pofika mwezi wa Malichi tinali titadziwa kukhota ndi kuima, ndipo masewerawa anali atatilowa m'magazi.

Kumbali ina ya phirilo makina amaunjika chipale n'kupanga milu yodumphira. Ife mulu woterewu tinautcha chulu. Chulu chili ndi mbali zinayi. Pali njira yotsetsereka yotengera liwiro. Pali mlomo, pomwe chipale chimapindikira m'mwamba n'kukuponya. Pali thebulo, malo athyathyathya amene uyenera kuwadumpha onse. Kenaka pali potera, pamene ndi potsetsereka kuti ukamagwa uzigwa motsatira phiri. Pothera thebulo pali ngodya yolimba imene eni masewerawa amati knuckle. Liwiro likachepa umagwera pangodyapo, ndipo mphamvu yonse ya kugwako imalowa m'maondo ndi mumsana. Likachuluka umapitirira potera ponse n'kukagwa pansi penipeni, zomwe n'zoopsa kuposa. Pa mulu uliwonse pamakhala chikwangwani cha chilembo S, M kapena L, kusonyeza waung'ono, wapakati ndi waukulu. Thebulo la chulu chathu cha L tinaliyeza ndi mapazi: mamita pafupifupi 10.

Kwa akatswiri amenewa ndi masanje. Pa masewera ena odumpha kuchokera pa nsanja yayitali, Domen Prevc wa ku Slovenia anauluka mamita 254.5 ku Planica m'mwezi wa Malichi 2025. Koma mantha sawerenga mamita. Ukaima pamwamba pa chulu cha L, potera sipaoneka n'komwe. Umangoona mlomo uli tong'o, kuseri kwake kuli thambo.

Mnzathu wa ku Ntcheu ndiye ankatiposa tonse. M'chaka chathu chachitatu, masana ena, anadumpha chulu cha S kangapo, kenaka anaona ana a pulayimale akuuluka pa cha L ngati akuwoloka ngalande. Cha M sanachiyese n'komwe. Anatsika molimba mtima, koma atafika pakati pa njira mlomo uja unamukulira ngati khoma. Anapinda ma ski kuti achepetse liwiro, anapindanso kachiwiri, kenaka anasintha maganizo n'kuwongola. Anauluka atagadamira m'mbuyo, nagwera pangodya paja. Akuti anamva kuti phoo m'bondo, ngati munthu watsegula botolo. Unali mtsempha umene madokotala amati ACL, womwe umagwira fupa la msongolo kuti lisasunthire kutsogolo. Zotsatira zake zinali opaleshoni, miyezi yambiri yophunziranso kuyenda, ndiponso ngongole ya gawo limene inshuwalansi sinalipire. Mayi ake anaimba pa WhatsApp n'kutifunsa tonse anayi kuti, “Kodi ana inu tinakutumizani kukaphunzira kapena kukathyoka?” Palibe anayankha.

Tsiku lina tikumuperekeza ku kalasi, wina atanyamula chikwama chake, tinamufunsa chimene chinachitika. Anati, “Amwene, vuto silinali lakuti ndinaopa. Ndinaopa mochedwa. Ndikanaopa ndili pamwamba bwenzi ndili ndi bondo langa.”

Mawu amenewa ndi amene tinayenda nawo chaka chonse chotsatira. Poyamba tinakangana. Wina anati tingosiyiratu, chifukwa makolo athu sanagulitse chimanga ndi mbuzi kuti tizikasewera ndi imfa. Anali ndi mfundo, ndipo mpaka lero sitinganene kuti analakwitsa. Koma zoona zake n'zakuti masewerawa tinkawakonda, ndipo tinkadziwana bwino: tikanati tasiya, tsiku lina mmodzi wa ife akanapezeka pamwamba pa chulucho ali yekha, wosakonzeka, pofuna kudzionetsa. Choncho tinapangana kuti ngati tidzadumphe, tidzadumphe titakonzeka, ndipo mantha athu tiwagwiritse ntchito nthawi ikadalipo.

Amene anatipatsa poyambira ndi bambo wina wachikulire wophunzitsa ski, yemwe tinakwera naye pa mipando yoyenda pa chingwe yokwezera anthu pamwamba pa phiri. Titamuuza nkhani yathu anati chulu chachikulu munthu amachidumpha mu Seputembala, chipale chisanagwe. Ankanena za miyendo.

Kuyambira Seputembala tinkapita kochitira masewera olimbitsa thupi katatu pa mlungu, m'mawa makalasi asanayambe. Tinkanyonyomala ndi zitsulo paphewa, potsika n'kumatsika pang'onopang'ono, chifukwa potera ntchito ya mwendo ndi kulandira thupi, osati kulikankha. Tinkachita chimodzimodzi ndi mwendo umodzi, poti pa chipale sikawirikawiri miyendo yonse kufika pansi nthawi imodzi. Tinkalimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, imene imathandiza mtsempha uja kugwira msongolo. Tinkadumpha kuchokera pa bokosi n'kutera mwakachetechete ngati mphaka, wina ataima kutsogolo kuyang'ana ngati maondo akupindikira m'kati. Akapindika unkabwereza. Woyang'anira wathu anali wa ku Ntcheu yemwe uja, ndipo analibe chifundo. Zimene ankaphunzira kwa omuthandiza kuchipatala ankabwera nazo kwa ife. Tinkalimbitsanso minofu ya pamimba ndi pamsana, ndipo Lachinayi lililonse tinkadumpha pa trampoline, osati kuphunzira kutembenuka ayi, koma kuzoloweretsa thupi kukhala m'malere manja osapalasa mphepo. Chipale chitagwa tinatenga ma ski athu kwa odziwa kuti akachune zomangira nsapato molingana ndi kulemera kwathu, msinkhu ndi luso, kuti zizimasuka tikagwa m'malo mopotokola bondo. Zipewa zolimba zinali lamulo.

Kukonza mutu ndiye kunali kovuta. Mu Januwale tinayenda ulendo wa maola angapo kupita ku Fox River Grove, kufupi ndi Chicago, kukaonera mpikisano wa Norge Ski Club. Kalabuyi inayambitsidwa mu 1905 ndi anthu ochokera ku Norway, ndipo anyamata atatu amene anakulira pomwepo anakapikisana nawo pa Olympics ya 2018. Ife maso athu anali pa nsanja yayikulu ya mamita 70, koma chimene chinatiphunzitsa kwambiri chinali pambali pake: timilu tating'onoting'ono tomwe ana amayambirapo, kenaka yokulirapo, kenaka yokulirapo ndithu. Palibe amene amadumpha sitepe. Tinaonanso odumpha ena asanakwere ataima pawokha, maso atatseka, thupi likuchita zonse zimene akachite kumwambako. Ndipo atakhala pamwamba sankanyamuka mwakufuna kwawo. Ankadikira mphunzitsi wawo, amene amayang'ana mphepo, kuti atsitse dzanja.

Titabwerako tinabwerera pa chulu cha S. Tinachidumpha mpaka chinatikwana, mpaka tinkatha kudumpha uku tikuganiza za mayeso a Lolemba. Kenaka cha M, milungu itatu, osayesa kutembenuka kapena kugwira ski, kungodumpha mowongoka basi. Paja tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Usiku tisanagone aliyense ankadumpha cha L m'maganizo, mwadongosolo: poyambira ndi apa, misongolo yatsamira kutsogolo kwa nsapato, manja ali patsogolo, pamlomo ndiwongoka mofatsa, maso afunafuna potera, maondo alandira. Masiku oyamba ngakhale m'maganizo momwemo tinkagwa. Tinkabwereza mpaka titatera.

Liwiro silingaphunziridwe pabedi. Tinkaima nthawi yayitali kuonerera anthu a thupi ngati lathu, kuti akuyambira pati ndipo akukhota kangati. Kenaka tinkapempha mmodzi wa iwo kuti timutsatire, iye n'kudumpha, ife n'kudutsa m'mbali mwa chulu, kuti mphepo ya liwiro loyeneralo tiimve kumaso. Tinaphunzira kuti chipale cha m'mawa chimakhala cholimba ndi chothamanga, pomwe cha masana dzuwa likawomba chimamata, kotero poyambira pa 10 koloko si pomwe pa 2 koloko. Kukachita mitambo chipale chonse chimaoneka chofanana, osadziwika pokwera ndi potsika, ndipo tsiku lotero sitinkadumpha. Miyendo ikatopa sitinkadumpha. Komanso nthawi zonse wina ankaima poti akutha kuona potera. Akapanga mkombero ndi manja pamwamba pa mutu ndiye kuti njira ili bwino, akapingasa manja ndiye kuti wina wagwa kuseriko, dikirani.

Lamulo lathu lalikulu linali la mtengo. M'mbali mwa njira yotengera liwiro munali kamtengo ka mbendera, pamalo poti munthu angathe kupatuka bwinobwino. Tinagwirizana kuti usanafike pa kamtengoko uli ndi ufulu wopatuka, ndipo palibe adzakuseke kapena kukufunsa chifukwa. Koma ukakadutsa, nkhani yatha: osapinda ski, osasintha maganizo. Mapanga awiri avumbwitsa. Mnzathu sanavulale chifukwa chodumpha kapena chifukwa chokana kudumpha, anavulala chifukwa chofuna zonse ziwiri m'masekondi atatu.

Ndiye tsiku lija linafika, Lamlungu lina m'mwezi wa Febuluwale, kunja kuli ngwee, mphepo kulibe. Tinatenthetsa thupi pa S ndi pa M, tinadutsa m'mbali mwa L kawiri kuyesa liwiro, kenaka tinaima pamwamba. Pakamwa panali gwa, kuuma. Tinapuma mozama kangapo, potulutsa mpweya n'kumautulutsa pang'onopang'ono, monga tinazolowerera. M'munsimo wa ku Ntcheu anapanga mkombero.

Woyamba ananyamuka, anadutsa kamtengo, anafika pamlomo n'kusowa kuseri. Panapita kanthawi, kenaka tinamva kukuwa kwa chisangalalo. Wachiwiri anatsatira. Manja ake anapalasa mphepo kamodzi, anatera motsikirapo pang'ono, koma miyendo ya mu Seputembala ija inamulandira. Wachitatu ananyamuka bwino, koma asanafike pa kamtengo anapatuka. Anakweranso phiri, anayesanso, anapatukanso. Ulendo wachitatu anaima pamwamba nthawi yayitali, kenaka anatsika m'njira ya aliyense n'kukavula ma ski.

Pobwerera m'galimoto munali zii. Awiri aja ankaopa kusangalala mokweza, wachitatuyo ankangoyang'ana pawindo. Anaswa bata ndi wa ku Ntcheu. Anati, “Achimwene, awa achita chinthu chomwe ine ndikanachitha chaka chino ndikanakhala ndi nzeru. Koma inu mwachita chomwe ndinalephera: mwaopa pa nthawi yake.” Wachitatuyo anati sankaona potera m'maganizo mwake, chithunzi chinkathera pamlomo, ndipo tinapangana kuti chithunzi chikakana thupi lisapite. Zinalidi choncho. Sitikuuzani kuti mwa atatufe anali ndani, chifukwa aliyense wa ife akanatha kukhala iyeyo.

Madzulo tinaonera kanema uja. Miyezi 6 ya zitsulo, ya kudzuka kukadali mdima, ya kudumpha m'maloto, yonse inathera m'kanthawi kosakwana masekondi awiri. Tinakambirana ngati tiwatumizire mayi aja ku Ntcheu, ndipo tinagwirizana kuti tiwatumizire kanema wa amene anapatukayo. Anayankha kuti ameneyo yekha ndiye mwana womvera.

Lamlungu lotsatira tinapitanso. Awiri anadumpha cha L katatu n'kulekeza pomwepo miyendo isanatope. Wachitatu anabwerera pa cha M, ndipo wachinayi, dokotala atamulola, anatsetsereka koyamba pamalo ophunzirira ana, pang'onopang'ono, tonse tikumudikira m'munsi.