Street Fighter II: Zokoma ndi Zolakwika za Masewera Akale a Nkhonya

Makolo ambiri kumidzi kwathu masiku ano aona ana ao atazika maso pa foni, zala zikuthamanga, pamene tianthu tiwiri tikumenyana pa galasi. Ena alanda foniyo nthawi yomweyo, ena angoyang'ana kumbali. Ine ndiganiza kuti kholo lisanaweruze mlandu wotere liyenera kuyamba ladziwa cimene mwana akusewera. Cifukwa cace ndafuna kukamba za masewera amodzi akale amene analambula njira ya masewera a nkhonya ambiri a makono, amenenso ine ndinasewera ndiri mnyamata. Dzina lace ndi Street Fighter II.

Masewerawa anapangidwa ndi kampani ya Capcom ya mu mzinda wa Osaka ku Japan, motsogoleredwa ndi a Akira Nishitani ndi a Akira Yasuda, ndipo nyimbo zace zambiri analemba ndi mai Yoko Shimomura. Anaturuka m'caka ca 1991 pa makina akulu-akulu oponyamo ndalama yacitsulo. Mu 1992 anaikidwa pa kaseti ya Super Nintendo, kabokosi kolumikiza ku televizyoni, kuti anthu azisewera m'nyumba zao. Makaseti oposa 6 miliyoni anagulidwa pa dziko lonse.

Kaseweredwe kace nkosabvuta kumva. Munthu asankha womenya mmodzi mwa asanu ndi atatu, nalimbana ndi mnzace kapena ndi makinawo. Pamwamba pa galasi pali mizere iwiri yosonyeza mphamvu, ndipo amene mzere wace wayamba kutha ndiye wagwa. Wogwetsa mnzace kawiri wapambana. Mabatani alipo asanu ndi limodzi, atatu a nkhonya ndi atatu a miyendo, kuyambira kumenya kopepuka koma kwamsanga kufikira kumenya kolemera koma kocedwa.

Cokoma coyamba ndi cakuti womenya aliyense ali ndi nzeru yace-yace. Ryu wa ku Japan ndi Ken wa ku America aponya moto kucokera m'manja. Zangief wa ku Soviet Union ndi cimphona coyenda pang'ono-pang'ono, koma akangokugwira wakusautsa. Dhalsim wa ku India atambasula manja ndi miyendo nakumenya ali patali. Chun-Li wa ku China, mkazi yekhayo pa gulu lonselo, apambana ena ndi liwiro. Motero munthu amene wadziwa bwino womenya mmodzi ayenera kuyambanso kuphunzira akasankha wina.

Cokoma caciwiri, cimene ine ndiciyesa cacikulu koposa, ndi cakuti masewerawa afuna mutu kuposa zala. Ine ndinawadziwa atakalamba kale, kwa amalume anga m'tauni, kumene ana ao anali ndi kabokosi kogulidwa kwa munthu wina. Msuwani wanga sanali kuthamangira kumenya ai. Anali kuima phee, nachinga nkhonya zanga, kudikira kuti ndidumphe, ndipo ndikadumpha anali kundilandira m'mwamba momwemo. Amene asewera nsolo pansi pa mtengo adziwa cimene ndikunena. Wopambana ndi uja awerenga maganizo a mnzace nthanga zisanayende. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'masewerawa wopupuluma agonja kawiri-kawiri.

Pali cinthu cinanso cokondweretsa. Pokonza masewerawa, akatswiri a Capcom anapeza kuti munthu akasunga bwino nthawi angathe kulumikiza nkhonya ziwiri kapena zitatu mnzace asanapeze mpata wochinga. Ici sicinali m'mapulani ao poyamba, koma anacisiya momwemo poganiza kuti nzocepa zala zimene zidzacikhoza. Osewera anacigwira msanga, ndipo lero kulumikiza nkhonya kotere kuli m'masewera a nkhonya pafupi-fupi onse.

Komatu cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Colakwika coyamba ndi cakuti mphamvu za omenyawo sizinagawidwe molingana. Guile, msirikali wa ku America, angathe kukhala conjuta pa kona, kumaponya zida zace patali ndi kugwetsa aliyense womdumphira, pamene wosankha Zangief abvutika ngakhale kumyandikira. Ndiponso adani anai otsiriza, Balrog, Vega, Sagat ndi M. Bison, sanali kusankhidwa ndi osewera pa kaseti yoyambayo. Makina nawonso ali ndi cinyengo. Munthu wogwiritsa nchito Guile ayenera kugwira batani lobwerera m'mbuyo kwa kamphindi asanaponye cida cace, koma makina akamasewera okha aciponya osadikira. Kacipangizo kogwira m'manja nako kanali kosautsa, popeza mabatani awiri anali m'mphepete mwa pamwamba, ndipo cala cacikulu cinali kuturuka matuza.

Colakwika caciwiri cindikhudza kwambiri tsopano pamene ndakula. Masewerawa aonetsa mitundu ya anthu monga momwe mlendo wosafikako aiganizira. Mmwenye Dhalsim abvala zigaza m'khosi nalavula moto. Blanka wa ku Brazil ndi cirombo cobiriwira coturutsa magetsi m'thupi. Mwana wosadziwa dziko angayese kuti anthu a kumeneko ali otero. Ngakhale kuti mutu wa masewerawa unena za ankhondo a dziko lonse, palibe ndi mmodzi yemwe wocokera mu Africa. Tinadikira kufikira 1997 pamene Elena wa ku Kenya anaoneka mu Street Fighter III. Ngakhale mapu ace anakalamba msanga, pakuti dziko la Zangief linapasuka mu December 1991, kaseti ya m'nyumba isanaturuke nkomwe.

Colakwika cacitatu cikhudza thumba la kholo. Kampani inakonza zina mwa zolakwika zija, koma inazigulitsa ngati masewera atsopano. Pa Super Nintendo panabwera Street Fighter II Turbo mu 1993 ndi Super Street Fighter II mu 1994. Banja lofuna kusatsalira linagula masewera amodzi-modziwo katatu. Nzeru yotere ya malonda ikalipo, ndipo masewera ambiri a pa foni lero apempha ndalama pang'ono-pang'ono mwana ali m'kati mosewera.

Nanga za ciwawa? Zoonadi awa ndi masewera a ndeu, ndipo wogonja aonetsedwa ndi nkhope yotupa. Koma asiyana ndi Mortal Kombat ya mu 1992, m'mene wopambana amatha kupha mnzace mwankhanza. Masewera ngati amenewo anacititsa aphungu a ku America kukambirana nkhaniyi mu 1993, ndipo mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika zizindikiro za msinkhu woyenera pa masewera. Tsono si masewera onse a nkhonya amene ali ofanana, ndipo kholo licita bwino kuona okha osati kungomva.

Kuweruza kwanga ndi kwakuti zokoma za Street Fighter II ziposa zolakwika zace, makamaka pamene ana awiri asewera atakhala pa mphasa imodzi, wogonja napereka mpata kwa wina popanda kukwiya. Makolo anzanga, mukampeza mwana akusewera zotere khalani naye pambali. Mfunseni cifukwa cace wasankha womenya uyo, muuzeni kuti anthu a ku India ndi a ku Brazil ndi anthu monga ife, ndipo muike malire akuti foni igwiridwa pokha-pokha mbuzi zitalowa m'khola ndi nchito ya kusukulu itatha.