Ndikufuna ndikaone ayezi wa ku Rwenzori asanathe

Anyamata a kugombe, ena mukuti ndalama ndikusungazi ndi zokwatirira, ena mukuti ndi za injini yatsopano. Ayi ndithu. Ndikufuna kukakwera Rwenzori, mapiri a m'malire a Uganda ndi Congo. Sekani, koma werengani kaye mpaka pansi.

Kumeneko kuli ayezi, chonsecho ndi pafupi ndi ikweta. Si uja wamabuloko timagula kuti chambo chisaonongeke ayi. Uyu anaundana pamwamba pa phiri kalekale, ndipo amasendera kumunsi pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake. Nsonga yaitali kwambiri, Margherita, ndi mamita 5,109. Sapitwa wathu uja timamuopa ndi 3,002 basi.

Ulendo wake umayambira ku Nyakalengija, kufupi ndi tauni ya Kasese, ndipo ndi wa sabata yathunthu wapansi, chikwama kumsana. Mumayamba ndi nkhalango, kenako nsungwi, kenako dambo la Bigo kumene matope amameza jombo. Mvula ndiye ya kumeneko, osanena. Mukagona ku Bujuku mumakwera kukadutsa pampata wa Scott Elliot, mamita 4,372, pakati pa phiri la Stanley ndi la Baker, n'kutsikira ku tinyanja ta Kitandara.

Pampata pamenepo ndi pomwe pamandiopsa, poti ntchito yanga ndimaidziwa. Injini imafuna mafuta ndi mpweya. Mpweya ukachepa imatsamwa, utsi wakuda bii, mphamvu palibe. Munthunso n'chimodzimodzi. Ife tinabadwira kunyanja, mamita osakwana 500, mapapo athu anazolowera mpweya wokwana. Pamwamba paja ngakhale mlovi amene amakoka chilimira usiku wonse akhoza kumapumira masitepe khumi alionse, mutu ukuwaza, chakudya osachifuna. Mankhwala ake enieni ndi kukwera mosathamanga, ndipo zikavuta, kutsika basi.

Ndiye ganizani za Abakonzo, eni ake a phirilo, amene amasenza katundu wa alendo m'matope omwewo. Chithunzi cha pansonga amajambulitsa ndi mlendo. Za alovi ndi mwini boti ife tikuzidziwa bwino, sindionjezera.

Chondifulumizitsa n'chakuti ayeziyo akusungunuka. M'chaka cha 1906, pamene Duke of Abruzzi anafika pa Margherita, ayezi anali pa mapiri asanu ndi limodzi. Patatha zaka 100 anali atatsala pa atatu okha, ndipo akuchepabe chifukwa dziko likutentha. Mitsinje yochokera m'mapiri amenewa imathira m'nyanja za George ndi Edward, kumene kulinso asodzi onga bambo anga, kenako madziwo amakalowa mu Nile.

Nyengo yabwinoko yokwerera ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi ya mwera kwathu kuno, pamene maboti ambiri amangokhala pamtunda. Chaka chino ndiyamba ndayesa mapapowa pa Mulanje. Amene ali ndi jekete lokhuthala andibwereke, ndidzabweza ndi usipa.