ULENDO WOYAMBA PA NJANJI YA KU NAYUCHI

Ambiri a ife okhala m'midzi ya kumapiri timangomva mbiri ya sitima ya pamtunda, koma kukwera ai. Ena anaionera patali ikukwawa m'chigwa ngati bongololo, ena anangomva kulira kwache usiku. Chifukwa chache tayesa bwino kukufotokozerani za ulendo umene tinayenda m'mwezi wa July 2018, kuchokera ku Balaka kufikira ku Nayuchi, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique. Ndiponso za apolisi osunga mtendere pa njanji, pakuti mau amene tinamva kwa iwo ayenera kufika m'nyumba iri yonse.

Tiyambe takumbutsana kumene njanji inachokera. Kale katundu wa dziko lino anali kukwera ndi mitsinje ya Zambezi ndi Shire pa sitima za pamadzi, ndipo kuchokera kudooko amtengatenga, ndiwo makolo athu omwe, anali kumsenza pamutu nakwera naye mapiri kufikira ku Blantyre. Madzi a Shire atayamba kuchepa, anamanga njanji kuchokera ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje, kudzera pa Chiromo, ndipo inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. M'chaka cha 1935 anatsiriza mlatho waukuru wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, woposa makilomita 3 m'litali mwache. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera pa Balaka. Koma njanji imene tinayendapo ife ndi ya pambuyo pache: inatsegulidwa m'chaka cha 1970, kuchokera pa mphambano ya Nkaya kufikira ku Nayuchi, makilomita 101, kuti dziko lathu lipeze njira yachiwiri ya ku nyanja yamchere, padooko la Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, ndipo akuru akumbukira bwino umo mafuta ndi feteleza zinakwerera mtengo, popeza katundu anali kuzungulira njira zakutali pa magalimoto.

Ife tinali anthu asanu a mudzi umodzi wa ku Ntcheu, ndipo tinali kupita kukazonda mbale wathu wokwatiwa kufupi ndi nyanja ya Chiuta, amene anagona pamphasa nthawi yaitali. Mwa ife munalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo sitima. Popeza sitima ya anthu siinali kuyenda masiku onse, tinagona kwa abale ku Balaka, ndipo m'mawa mwache tinalawirira ku siteshoni. Tinapeza khamu lalikuru litafika kale: amai ndi madengu a tomato ndi kabichi, abambo ndi matumba a chimanga ndi njinga, anyamata ndi nkhuku zomanga miyendo. Titagula matikiti tinawamangirira pa mfundo ya nsaru, tinalowa, ndi kukhala pafupi ndi zenera.

Sitima inalira, nigwedezeka, niyamba kuyenda. Mkuru wathu anagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, ndipo amai ena ozolowera anamseka nati, "Masukani, agogo, iyi siigwa m'ngalande ngati galimoto." Posachedwa mitima inakhala pansi, ndipo tinayamba kupenya kunja. Dziko la kumeneko nlosiyana ndi la kwathu: lathyathyathya, lotentha, lodzala milambe ndi mitengo ya tsanya, ndi minda ya thonje ndi nandolo. Pa Nkaya tinaona njanji ina yochokera kumadzulo. Imeneyo ndiyo ya malasha okumbidwa ku Moatize, kufupi ndi Tete. Inatsegulidwa m'chaka cha 2017, ndipo utali wache wonse, kuchokera ku migodi kufikira ku nyanja, ndi makilomita 912. Patsogolo pang'ono sitima yathu inapatuka niima, kuti ya malasha idutse. Tinayesa kuwerenga mabogi ache, koma titapitirira 100 malilime anatopa.

Ku Liwonde tinaoloka Shire pa mlatho. Pomwepo ana onse anathamangira ku mazenera kuti aone mvuu, ndipo akuru anakhala chete kufikira titatsidya. Pa siteshoni iri yonse anthu a m'midzi anali kuthamangira sitima ndi nthochi, mizimbe, mbatata yophika ndi zitumbuwa, nagulitsira pa zenera. Kwa iwo tsiku la sitima ndilo tsiku la msika.

M'sitimamo munali apolisi awiri, akuyenda bogi ndi bogi. Poyamba tinaopa, pakuti munthu wa kumudzi akaona chisoti cha Boma amayamba kudzifunsa chimene walakwa. Koma tinaona nchito yao ndi maso athu. Mnyamata wina anakhala pa makwerero a pakhomo, miyendo iri lende kunja, anamlowetsa. Wina anafuna kukhala pakati pa mabogi awiri, pamene zitsulo zimaombana, anamchotsa. Anachenjeza amai kuti asaike ndalama pamwamba pa dengu, pakuti m'piringupiringu wa pa siteshoni mumayenda a zala zazitali. Wopanda tikiti anampereka kwa kondakitala, osammenya kapena kumtukwana.

Titapitirira mapiri a Chikala, sitima inaima m'thengo mopanda siteshoni. Kutsogolo kunali munthu wa mbendera yofiira, mmodzi wa iwo amene ayenda pansi kuyang'anira njanji. Anapeza kuti usiku anthu anazula tizitsulo togwira njanji, ndipo tinadikira nthawi yaitali kufikira anchito atabwezeretsa tina. Mkuru wathu anafunsa wapolisi nati, "Bwana, kodi tizitsulo tating'ono totere nkuimitsa chinthu chachikuru ngati ichi?" Wapolisi anakhala pansi pafupi nafe, nayankha ndi ulemu:

"Bambo, onani pansipo. Njanji ziwirizi zitalikirana mapazi atatu ndi theka, ndipo ziyenera kukhala chomwecho kuyambira kuno kufikira ku nyanja. Zigona pa mitanda ya simenti, mitanda igona pa miyala, ndipo chogwira njanji ku mtanda ndi kachitsulo kopindika kameneka. Mukazula tambiri pamalo amodzi, njanji imatanuka ndi dzuwa ndi kulemera kwa sitima, magudumu nagwera pakati. Wakuba adzalandira ndalama ya sopo kwa ogula zitsulo zakutha, koma m'sitima muno muli anthu mazana, ndipo kapena mai wache ali momwemo."

Pamenepo anthu ambiri anasendera pafupi, ndipo iye anapitiriza kutchula zina zimene zimabvuta apolisi a pa njanji. Ena amatapa miyala ya pansi pa mitanda kukamangira maziko a nyumba. Ena amalima kufikira m'mphepete mweni mweni, kapena kukumba mchenga pansi pa milatho, kotero kuti mvula ikadza imakokolola nthaka, njanji nitsala m'malere. Abusa a mbuzi amasanjika miyala pa njanji kuti aone umo iphwanyikire, ndipo ana ena amagenda mazenera ngati masewera. Alipo oledzera amene amagona pa mitanda usiku, ndi anyamata oyenda pakati pa njanji atatseka makutu ndi nyimbo za m'foni.

"Chimene anthu sachidziwa," anatero, "nchakuti sitima siikhota, ndipo siima msanga. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limatsetsereka. Sitima yolemera ikhoza kuyenda kilomita yathunthu woyendetsa atamanga kale mabuleki. Iye amakuonani, amaliza lipenga, koma alibe china choti achite. Ife apolisi ndife owerengeka, ndipo njanji njaitali. Mutu umodzi susenza denga. Mlonda weni weni wa njanji ndiye mfumu ya mudzi umene ipitamo, pamodzi ndi makolo a ana."

Mai wina wokalamba anabvomera nati, "Mwanena zoona, mwananga. Kwathu sitima ikaleka kubwera, mpunga wathu udzaolera m'nkhokwe."

Dzuwa litapendeka tinayambanso ulendo. Mapiri anatsala m'mbuyo, ndipo tinalowa m'dziko la madambo, pakuti njanji ipita pa mtunda wamchenga umene ulekanitsa nyanja ya Chilwa, kumwera, ndi ya Chiuta, kumpoto. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje woturukamo, ndipo inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995. Asodzi amene anakwera pa Namanja ndi madengu a matemba ndi milamba yowamba anali kudandaula kuti madzi alikuthawanso. Tinaona minda ya mpunga atakolola kale, ng'ombe zikudya ziputu, ndi akakowa ali mbuu pambuyo pao.

Tinafika ku Nayuchi madzulo. Ndi malo aang'ono: siteshoni, msika, ndi nyumba za Boma zoyang'anira olowa ndi oturuka m'dziko. Tsidya lija la malire kuli Entre Lagos, ndiko kunena pakati pa nyanja m'Chipwitikizi, ndipo njanji ipitirira ku Cuamba, Nampula ndi Nacala. Apolisi anatiuza kuti wofuna kuoloka aonetse makalata ache pa chipata, asadzere njira za m'thengo. Alamu athu anatichingamira ndi njinga, ndipo wodwala tinampeza ali kupezako bwino.

Tsono inu amene mudzakwera sitima koyamba, funsani bwino tsiku lache musananyamuke, pakuti safunsa anadya phula. Fikani msanga, gulani tikiti pamalo pache, tengani madzi akumwa ndi kamba wokwanira, popeza sitima ikhoza kuchedwa panjira. Musakwere kapena kutsika isanaime, ndipo ana akhale pambali panu, mitu ndi manja ziri m'kati.

Ndipo inu amene midzi yanu iri m'mbali mwa njanji, muuze ana anu madzulo ano kuti pa njanji si pabwalo. Oolotsa ng'ombe ndi ngolo ayambe aima, apenye uku ndi uku, namvetsere. Mwana akabwera kunyumba ndi chitsulo chachilendo, mumfunse kumene wachitenga, ndipo osula makasu ndi mbaula asagule chitsulo cha njanji. Mukaona njanji yokokoloka kapena yozulidwa, thamangani kukauza amfumu, apolisi, kapena a ku siteshoni iri pafupi, ngakhale uli usiku, pakuti m'sitima ikudzayo muli abale a anthu ena ndi anu omwe.