Kwathu Kuli Mayina Awiri

Tsiku loyamba kuno ku seminale anzanga atandifunsa kumene ndimachokera, ndinayankha monyadira kuti, "Ku Cape Maclear." Onse anagwedeza mitu, pakuti dzinali amalidziwa m'mabuku a jogalafe. Koma usiku ndili pabedi mtima unanditsutsa. Agogo anga amene anandilera sanatchulepo dzina limeneli. Kwa iwo kwathu ndi kwa Chembe basi.

Kwa amene simunafikeko, nyanja ya Malawi chakumwera imagawikana ngati mphanda. Pakati pa nthambi ziwirizo pali mtunda wamapiri wa Nankumba wotulukira m'madzi, ndipo mudzi wathu uli kunsonga kwake, kuseri kwa mapiri mukachokera ku Monkey Bay. Kutsogolo kwathu kuli chilumba cha Thumbi, kudzanja lamanja cha Domwe. Dzuwa kwathu limalowera m'madzi, pamene anzathu a ku Salima amaliona likutuluka m'madzimo.

Nanga Maclear anali yani? Sir Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi ku Cape Town, bwenzi la David Livingstone. Ndiye ankamuthandiza kuwerengera bwino malo amene wafika pa maulendo ake. Livingstone pofuna kumuthokoza anapatsa nsonga yathu dzina lake, chikhalirecho mwiniwakeyo usipa wathu sanaulawepo. Ngakhale ku South Africa, pafupi ndi Cape of Good Hope, kulinso nsonga ina ya dzina lomweli.

Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala nakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pomwepa. Malungo anawazunza kwambiri mwakuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero. Tili ana tinkadutsapo mothamanga, kuopa mizukwa ya azungu.

Patchuthi chapitachi ndinawafotokozera agogo zonsezi tikuyanika usipa pathandala. Anamvetsera mwachidwi, kenaka anafunsa, "Kodi Makiliya wakoyo anali ndi bwato?" Ndinati ayi agogo. "Nanga munda?" Ndinati ayinso. Anaseka mpaka kutsokomola.

Sindikuti dzinalo alichotse pamapu, chifukwa alendo odzaona mbuna amatipeza nalo, ndipo fizi yanga imachokera kwa amalume amene amawayendetsa pabwato. Koma mawa Bambo Rekitala akutifunsa mmodzimmodzi za kwathu, ndipo ine ndakonzeka kuyamba ndi Chembe, ngakhale anzanga akafunsenso kuti kumeneko ndi kuti.