Mwanenepatu, Achimwene!

Kwathu ku Marka, m'boma la Nsanje kumalire a dziko lino ndi Mozambique, munthu akakuuza kuti wanenepa ndiye kuti wakuyamikira. Mawu amenewa ndinawamva kwa zaka pafupifupi 20, ndipo nthawi zonse ndinkawalandira ndi manja awiri. "Mwanenepatu, achimwene! Zikukuyenderani," ankatero anzanga pamsika, ine n'kumaseka uku ndikusisita mimba. Sindinkadziwa kuti chimene ankachiyamikiracho ndi chomwe chinkandilanda mpweya pang'onopang'ono.

Amene sanakhalepo m'chigwa cha Shire angadabwe kuti timalemekezeranji thupi lalikulu. Ife tinakula tikuidziwa njala pamaso. Pa chilala cha 1992 ndinali mnyamata wa zaka 20, ndipo ndinkalowa m'dambo pamodzi ndi mayi anga kukazula nyika zoti tidye. Midzi yathu inali yodzaza ndi abale othawa nkhondo ya ku Mozambique, ambiri a iwo nthiti zili pamtunda. Njala itapita kunabwera Edzi. M'zaka zimenezo munthu ukangotsika thupi, anthu ankanong'onezana kuseri kuti wayamba kaliwondewonde. Choncho kunenepa kunali ngati kalata yotsimikizira mudzi kuti uli ndi chakudya, uli ndi ndalama ndiponso magazi ako ali bwino.

Ine kalata imeneyo ndinaipeza nditatsegula golosale. Ndinasiya khasu, ndinasiya kupalasa njinga, ndinagula yamoto. Tsiku lonse ndinkakhala pampando kuseri kwa kauntala. M'mawa tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi buledi, masana nsima mitanda inayi, madzulo kanyenya ndi tchipisi zapachiwaya. Kutentha kwa kwathu kukafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapyola madigiri 40, ludzu ndinkalipha ndi zakumwa zotsekemera za m'firiji yanga yomwe.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali mayi a kunyumba. Mkonono ndinkaliza kuyambira kale, koma iwo anati wasintha. "Abambo, usiku mumaleka kupuma," anandiuza tsiku lina m'mawa. "Mkonono umangoti zii, ine n'kumawerenga chamumtima. Kenako mumadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi." Ndinawayankha mwachipongwe kuti ngati tulo tawasowa asanamizire ine. Komabe ndinkadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwaa, ndipo masana ndinkasinza ngakhale kasitomala ali pakhomo. Ndinkati ndi dzuwa. Ndikawerama kumanga zingwe za nsapato, mpweya unkandithera. Ndinkati ndi ukalamba.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zanga zinaonekera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasefukiritsa Shire. Mlongo wanga wamkulu, amene ankakhala kudambo, anapulumutsidwa pa bwato pamodzi ndi adzukulu ake. Ndinapita kukawachingamira pamene mabwato ankakocheza. Njinga yamoto sikanatha kudutsa m'matope, choncho ndinanyamula kamdzukulu kamodzi ka zaka zitatu paphewa kuti tikwere kumtunda. Sindinayende mtunda woposa bwalo la mpira. Chifuwa chinandithina ngati wina wachimanga ndi luzi, m'maso munachita mdima, ndipo ndinagwada m'matope mwana ali m'manja. Mlongo wanga, mayi wowonda amene anagona usiku uwiri osadya, ndiye ananditenga mwanayo n'kumubereka. "Pumani, achimwene, mutipeza," anatero. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Madzi ataphwa ndinapita kuchipatala ndili ndi mantha kuti mwina ndi chifuwa chachikulu. Anayeza makhololo ndi magazi, osapezamo kanthu. Kenako adokotala anandikweza pasikelo ndi kundiyeza msinkhu. Ndinkalemera makilogalamu 104 pa msinkhu wa mita imodzi ndi masentimita 68. Anandionetsa mmene amawerengera: amatenga kulemera kwa munthu n'kugawa ndi msinkhu wake kawiri. Yankho likafika 25 ndiye kuti thupi lapyola muyezo, likafika 30 ndiye kunenepa kumene kumabweretsa matenda. Langa linali pafupifupi 37.

"Bambo, munaonapo mvukuto wa osula makasu?" anandifunsa. Ndinati inde, agogo anga anali nawo. "Ndiye tayerekezani kuti mwausanjika thumba la chimanga. Ungapope bwanji?"

Anandifotokozera kuti mapapo sadzikoka okha. Pansi pake pali mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene umatsika tikamakoka mpweya ndi kukwera tikamautulutsa. Mafuta akachuluka m'mimba amaukankhira mnofuwo m'mwamba, ndipo mafuta a pachifuwa amalemetsa nthiti. Mapapo amakhala opanikizika, timatumba ta mpweya ta kumunsi kwake timafwaphira, ndipo mpweya wotsalira umene munthu amadalira akamagwira ntchito yolemetsa umachepa. Pamwamba pa izo, thupi lalikulu limafuna okosijeni wochuluka kuti liyende. Ndiye kuti ntchito yakula koma mvukuto wachepa. Munthu akagona chagada, mimba yonse imatsamira pamapapo ndipo vutoli limakula.

Za usiku zija anati mayi a kunyumba sananame. Mafuta a m'khosi ndi a kutsinde kwa lilime amachepetsa njira ya mpweya. Munthu akagona minofu imalefuka, njirayo n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, mpaka ubongo utamudzidzimutsa kuti apume. Izi zikhoza kuchitika kambirimbiri pa ola limodzi mwiniwake osadziwa. N'chifukwa chake amadzuka wotopa, ndipo pakapita nthawi magazi amayamba kuthamanga, mtima n'kumalema. Kwa ena zimafika poti ngakhale masana sapuma mokwanira, mpweya woipa umene thupi limayenera kutaya n'kumaunjikana m'magazi. Amene ali ndi mphumu, kunenepa kumaikulitsa.

Anandiuza kuti kuli makina otchedwa CPAP amene amauzira mpweya m'mphuno usiku wonse kuti njira isatsekeke. Mtengo wake sindikanaufika, ndipo amafuna magetsi osathima. Chimene chinali m'manja mwanga ndi kutsitsa thupi. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa ku Wisconsin ku America, wofalitsidwa mu 2000, amene anapeza kuti munthu akataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kwa usiku kumachepa ndi pafupifupi kotala. Ndinawerenganso kuti sindili ndekha. Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopyola muyezo, pamene mu 1992 anali 10 okha. Bungwe la WHO linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu padziko lonse anali wonenepa kwambiri. Dziko limene likulimbanabe ndi kunyentchera kwa ana lasenzanso katundu wachiwiri.

Ndinayamba ndi zimene ndikanatha. Zotsekemera ndinazisiyira makasitomala, ine n'kubwerera ku madzi a mumtsuko. Mitanda inatsika kufika iwiri, nthawi zambiri ya mapira, ndi ndiwo zamasamba zochuluka ndi makakana owamba. Pachiwaya ndinkangodutsa. M'mbandakucha, dzuwa lisanayambe ukali, ndinkayenda wapansi m'mbali mwa njanji, ndipo ndinabwerera ku dimba limene ndinalisiyira aganyu. Usiku ndinaphunzira kugona chammbali.

Chovuta sichinali njala kapena kutopa ayi. Chovuta chinali maso a anthu. Malaya atayamba kukhwepa, moni anasintha. "Kodi muli bwinobwino, achimwene?" ankandifunsa motsitsa mawu. Mphekesera inamveka kuti golosale yagwa, ina kuti ndayamba mankhwala otalikitsa moyo. Azakhali anga anabwera okha kudzadzudzula mayi a kunyumba kuti akundimana chakudya. Ndinawaona mayiwo akulira kukhitchini, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kubwerera ku mitanda inayi kuti pakhomo pakhale mtendere. Iwo ndiwo anakana. "Anene zimene anganene," anatero. "Usiku amene ndimawerenga ndine, osati iwo."

Mu 2024, pamene sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patapita zaka zambiri njanji ili chigonere, ndinapita kukaiona wapansi, mdzukulu uja ali paphewa. Ndinapita ndi kubwerera osakhala pansi. Panthawiyo sikelo inkaloza 92. Sindinafike pamene adokotala akufuna, ndipo mkonono sunatheretu, koma mutu wa m'mawa unasiya ndipo sindisinzanso pakauntala.

Sindikunyoza aliyense wa thupi lalikulu, pakuti ena ndi chibadwa ndipo ena ndi matenda kapena mankhwala. Sindikuiwalanso kuti pali makomo ambiri m'chigwa chino amene vuto lawo ndi kusowa chakudya. Pempho langa ndi laling'ono. Ngati mnzanu wa pamphasa akuti mumaleka kupuma usiku, mumvereni, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati kamtunda kochepa kakukuchititsani wefuwefu, musanamizire dzuwa la Nsanje. Pitani mukakwere pasikelo. Ndipo mukakumana ndi mbale wanu atatsika thupi, yambani mwamufunsa mmene akupumira musanapite kukanong'ona kuseri.