Za Zodzola za Masiku Onse

Inu amayi ndi atsikana a mu Mpingo, ndi inunso abambo amene mumva kalatayi ikuwerengedwa pakhonde madzulo, ndifuna kukamba nkhani imene ambiri aiyesa yachabe, koma imene yautsa mapokoso m'nyumba zambiri, ndiyo nkhani ya zodzola. Alipo ena anena kuti mkazi wachikhristu asakhudze konse phoda kapena utoto wa m'zikhadabo. Aliponso ena amene atha ndalama za mchere ndi sopo pogula timabotolo. Ine ndine mayi wolima ndi wosinja monga inu nomwe, ndipo zodzola zanga n'zowerengeka. Tsono ndizitchula chimodzichimodzi, zimene ndizikonda ndi zimene ndizikana, kuti muweruze nokha.

Poyamba tichotse mantha. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaisanthula nkhani yomweyi, ndipo anaweruza kuti mkazi wokwatiwa angathe kudzikongoletsa kuti akondweretse mwamuna wake, osachimwa. Pa za utoto wa kunkhope anaumitsa mawu, pakuti anauona ngati chinyengo. Komabe analola kuti munthu abise chilema chodza ndi matenda. Francis de Sales Woyera, Episkopi wa ku Geneva, m'buku lake la mu 1609 lolangiza anthu a m'mabanja, anafuna kuti Akhristu akhale aukhondo ndi ovala bwino, koma opanda matama. M'Malembo Oyera timva kuti Estere anadzola mafuta onunkhira miyezi 12 asanaonekere kwa mfumu, ndipo Ambuye Yezu eni ake anauza osala zakudya kuti adzoze mutu ndi kusamba kumaso. Kotero amene ayesa kuti kutuwa ndiko kuyera mtima, sanamve bwino.

Chodzola changa choyamba ndicho mafuta. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya mwera iumitsa khungu, milomo ing'aluka ndipo zidendene zichita ming'alu yoti n'kulowa mchenga. Agogo anga sanagule mafuta m'sitolo moyo wawo wonse. Ankatola nsatsi kuseri kwa khola, nazikazinga m'phale, nazisinja, naziwiritsa m'madzi kufikira mafuta atayandama pamwamba. Pamenepo ankawayengula ndi chipande, nawasunga m'kansupa. Fungo lake silinali la maluwa ayi, koma khungu la agogo linali losalala kufikira ukalamba wawo. Ndiwakondabe mafutawa, makamaka pa tsitsi ndi kumapazi. Chenjerani kokha kuti njere za nsatsi zili ndi ululu woopsa, ndipo zotsalira zake musazitaye pamene ana kapena mbuzi angazitole.

Masiku ambiri ndidzola Vaseline, amene palibe nyumba yosamudziwa. Mbiri yake ndi iyi. M'chaka cha 1859 mnyamata wina dzina lake Robert Chesebrough anapita ku Titusville, m'dziko la America, kumene ankakumba mafuta a pansi, naona antchito akupaka pa zilonda zawo phula lomata pa zitsulo zokumbira. Iye analiyenga phulalo kufikira litayera, nalembetsa dzina lake mu 1872. Mafutawa sathira madzi m'khungu, angotseka kuti chinyezi chisatuluke. Chifukwa chake muwadzole mutangosamba, thupi likali lonyowa pang'ono. Mukadzola pa khungu louma ndi lafumbi, mungowala ngati mphika wotsuka, koma kuuma kuli pomwepo. Ndipo musanadzole kumapazi, yambani mwakwecha zidendene pamwala, monga tinaphunzira kudambo tili ana.

Chaka chomwecho cha 1859, David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire anapeza akazi a Chimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba ndi kuikamo pelele, ndipo mkazi wopanda pelele sankayesedwa wokongola. Lero ndani angamuvale? Mphini zimene agogo anatema pamasaya zinapitanso, mikanda yokha ndiyo yatsala. Ndikumbutsa zimenezi chifukwa cha apongozi ena amene adzudzula adzukulu awo ngati kuti kudzikongoletsa kunayamba dzulo.

Phoda ndili naye mmodzi, wa mtundu wa khungu langa. Apa atsikana ambiri aphonya, pakuti asankha woyererapo, ndipo pofika ku tchalitchi nkhope ili mbuu ngati Lachitatu la Phulusa, pamene khosi ndi makutu zili zakuda. Poyesa phoda, pakani pang'ono m'mbali mwa chibwano, mutuluke panja pa dzuwa ndi kalilole. Amene asowa osaoneka ndiye wanu. Ine ndipaka pamphumi ndi pamphuno pokha, pamene thukuta liwalitsa, ndipo ndipaka ndi kaburashi kofewa, chifukwa kasiponji kamwa thukuta ndi kuunjika phoda malo amodzi. Kaburashiko ndikatsuka Loweruka lililonse ndi sopo ndi madzi ofunda, ndi kukagoneka pansalu pamthunzi kuti kaume. Musakaimike m'kapu kakali konyowa, pakuti madzi atsikira ku ulimbo wogwira ubweya, ndipo ubweyawo uyamba kuthothoka.

Pali lamulo limodzi limene ndiliumirira pa ana anga aakazi, ngakhale andiyese womana: kaburashi, pensulo ya m'nsidze ndi chopaka m'milomo sabwerekana. Ife tizolowera kubwerekana lichero, musi ndi mchere, ndipo n'chinthu chokoma. Koma chimene chikhudza diso kapena mlomo chinyamula matenda. Pamene nthenda ya maso ofiira inabuka ku Karonga m'chaka cha 2024 n'kufalikira m'maboma ena, achipatala analetsa kubwerekana ngakhale kansalu kopukutira kumaso. Nanga pensulo yoyenda m'zikope za atsikana asanu pa tsiku la ukwati, si ndiyo yoposa?

Tsono tifike ku zikhadabo, kumene kuli mkangano waukulu. Utoto wake tiutcha kyutekisi, ndipo ambiri sadziwa kuti limeneli ndi dzina la malonda, Cutex, la munthu wa ku America wotchedwa Northam Warren, amene anayamba kugulitsa utoto wamadzi wa m'zikhadabo mu 1917. Mu 1932 a Revlon anadza ndi utoto wochindikala wa mitundu yambiri. Utotowu ndi mbale wake wa penti ya galimoto: uli ndi mankhwala ouluka, amene akauluka asiya kachikopa kouma pa chikhadabo. Ndicho chifukwa kabotolo kosatseka bwino kalimba msanga, ndiponso chifukwa chake utotowo ndi madzi ake ofufutira zigwira moto ngati petulo. Musapake pafupi ndi koloboyi kapena mbaula, ndanena, musapake.

Ine ndikonda wosaoneka mtundu, wongowalitsa, kapena wofiirira pang'ono ngati m'kati mwa gwafa. Wofiira kwambiri akongola ndithu, sindikana, ndipo pa Khirisimasi kapena pa ukwati wa mwana ndimupaka kuzala za kumapazi, kumene akhala sabata ziwiri osasendeka. Koma kumanja kwa mayi wa kumudzi utoto sukhala masiku atatu. Tsiku loyamba mutong'ola chimanga, lachiwiri mukwecha mphika ndi mchenga, lachitatu zikhadabo zili mawangamawanga ngati nkhanga. Ndipo tizidutswa tosendekato tapita kuti, ngati si m'ndiwo? Chinanso n'chakuti utoto wakuda ubisa litsiro la kunsi kwa chikhadabo. Ife amene tinaona kolera wa mu 2022 ndi 2023 akutenga anthu m'midzi, tidziwa kuti dzanja lomwe liumba nsima ya mwana liyenera kuoneka poyera. Chifukwa chake zikhadabo zanga za kumanja ndiziwenga zazifupi. Ndipo inu amayi oyembekezera, pokonzekera ulendo wa kuchipatala fufutani utoto wonse, pakuti anamwino ayang'ana mtundu wa chikhadabo kuti adziwe za magazi anu, ndiponso amanika kachipangizo pa chala koyesa mpweya wa m'magazi, kamene utoto wochindikala ungakasokoneze.

Chatsala chimodzi chimene sichilowa m'nyumba mwanga, ndicho mafuta oyeretsa khungu. Pa chimenechi mtima wanga uwawa, pakuti ndaona atsikana amene ndinawanyamula pa ubatizo akusanduka ngati anthu awiri, nkhope yofiira, mfundo za zala zakuda bii. Mafuta ambiri otere ali ndi chimodzi mwa zitatu. Ena ali ndi mekyule, amene alowa m'magazi, naononga impso ndi mitsempha, nafika ngakhale kwa mwana wa m'mimba. Ena ali ndi hydroquinone, amene ayeretsa poyamba, koma pakapita zaka asiya zigamba zakuda pamasaya zimene sizichoka. Dziko la South Africa, litaona akazi ambiri ataonongeka nkhope, linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Enanso ali ndi mankhwala amphamvu amene madokotala alembera odwala nthenda za pakhungu kwa masiku owerengeka. Odzola miyezi ndi miyezi khungu lawo lipyapyala, lituluka ziphuphu ndi mizere, ndipo bala lichedwa kupola. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuda kwa khungu lathu ndiko chishango chake pa dzuwa. Funsani abale athu achialubino, amene ayenera kudzola mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuvala chipewa tsiku lililonse poopa khansa ya pakhungu. Chimene iwo achisowa, ife tichifufuta ndi ndalama zathu.

Koma mlandu uwu sindiuika pa atsikana okha. Mtsikana sagula kabotolo popanda amene anamuuza kuti woyera ndiye wokongola. Amva anyamata pa chitsime akutamanda mnzake, amva azakhali akuti mwana uyu akadayera pang'ono, amva bambo ake omwe akuseka mayi ake kuti ada ngati mphika. Inu abambo, mawu otere ndi anu, ndipo aphuka m'nyumba mwanu momwe.

Ngati alipo mwana wanu amene anayamba kale kudzola, musamuchititse manyazi pa anthu, ndiponso musangomulanda botolo ndi kuliponya m'chimbudzi, pakuti khungu lozolowera mankhwala amphamvu lipsa ndi kuyabwa likalekeratu mwadzidzidzi, ndipo mwanayo abwerera kukagula lina mobisa. Mutengeni ndi botolo lakelo, mupite naye kuchipatala, kuti adokotala awerenge zolembedwa pamenepo ndi kumuuza njira yolekera pang'onopang'ono. Pa miyezi yoyambayo avale chipewa kapena duku popita kumunda, chifukwa nkhope yake idzaopa dzuwa.