Kuchokera pa Lichero Kukafika ku Sikelo: Ulendo wa pa Mwanza

Ndinatsika minibasi pa Mwanza boma kukali m'mawa, mathiraki atandandalika mumsewu wa M6 kudikira kuwolokera ku Zobue. Inali nyengo ya manachesi, fungo lake lili ponseponse, koma ine ndinalunjika kwa ogulitsa mtedza.

Mayi wina ankasankha mtedza palichero. Wabwino ankathira m'beseni, wofwapa ndi wachuku ankaunjika pambali.

"Uwu mutaya, mayi?"

"Kutaya? Uwu ndi wa nsinjiro kunyumba, bambo."

Mtima unandiwawa. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo poizoniyu satha ndi moto wa pamafuwa. Amadya chiwindi mwakachetechete. Akapezana ndi kachirombo ka hepatitis B m'thupi limodzi, chiopsezo cha khansa chimakula kwambiri.

Kuchipatala cha boma ndinapeza sikelo ili mkati, makanda akulira ndi jakisoni. Kulira kumeneko kunanditonthoza. Kuyambira mu 2002, ana m'Malawi amabayidwa katemera woteteza ku hepatitis B akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Amene tinabadwa chisanafike chakacho tinakula opanda chishango chimenechi.

Pabenchi panakhala bambo wina wowonda, maso achikasu, mimba itatupa, akazi awo atawagwirira chikalata chowatumiza kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Chiwindi sichidandaula msanga. Chikayamba kupweteka, nthawi zambiri madzi amakhala atafika m'khosi.

Komatu chotupa cha khansa chikangoyamba m'chiwindi chimatumiza makalata. Maselo a khansa amatayira m'magazi timatumba tosaoneka ndi maso totchedwa exosomes. Mkati mwake mumakhala ma RNA aataliatali amene sapanga mapuloteni, koma amalamula maselo ena kuti achulukane kapena kuti amere mitsempha yodyetsa chotupacho. Imodzi mwa ma RNA amenewa, HULC, inadziwika mu 2007. Ofufuza akuphunzira kuwerenga makalatawa kuti magazi ochepa chabe adzaulule matendawa mimba isanatupe. Ntchitoyi ikadali m'malabotale.

Pobwerera ndinapeza mayi uja akumanga mtedza wachuku pansonga ya chitenje. Ndinanjuta pambali pawo n'kuwafotokozera za bambo wa pabenchi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamasula mfundo ija.

"Ndiye ana anga ndimawadyetsa chiyani?" anafunsa, maso ali pamtedzawo.